Mary Lou Williams: mayi amene ankalembera nyimbo akuluakulu a jazi

Gulu la Oimba ndi Okonda Nyimbo a mu Blantyre

Aphunzitsi Mbewe (Chitawira): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Meyi asanathe ndati tikambeko za mayi wina amene anabadwa mwezi uno n'kudzamwaliranso mwezi womwewu, Mary Lou Williams. Anabadwa pa 8 Meyi 1910 ku Atlanta, anatisiya pa 28 Meyi 1981 ku Durham, ku America konko. Tikangotchula jazi, pakamwa pamabwera Duke Ellington, Benny Goodman, Dizzy Gillespie, amuna okhaokha. Komatu atatu onsewa mabandi awo anaimbapo nyimbo zimene mayi ameneyu anakhalira pansi n'kulemba. Piyano anaiyamba ali kamwana ndipo anafa akuiimbabe. Amene muli ndi bandulo lowani pa YouTube mumvereko kaye, kenako tichezerane.

Yamikani Keys (Ndirande): Madala, tiyambire pati? Zatuluka zambirimbiri, ndipo bandulo yanga ndi ya usiku wokha.

Aphunzitsi Mbewe: Yamba ndi Night Life ya 1930. Ali yekha pa piyano, ali ndi zaka pafupifupi 20. Dzanja lamanja ulisiye, tchera khutu ku lamanzere.

Yamikani Keys: Eeh! Iyayi madala, apa pali anthu awiri. Winayo akuimba besi.

Che Amidu (Chirimba): Palibe wachiwiri mwana wanga, ndi munthu mmodzi. Kalelo woimba piyano ankayenera kukhala bandi yonse payekha. Dzanja lamanzere limagunda noti yakuya kumunsi, lidumphe kukagwira kodi (manoti angapo olira pamodzi) pakati, libwererenso kumunsi, osaphonya, nyimbo mpaka kutha. Lamanja nalo likuchita zake. Inu a masiku ano mumangodina batani, makina akuimbireni ng'oma ndi besi, dzanja lamanzere lili pa foni.

Yamikani Keys: Kkkkk Che Amidu mwayamba kale kutigenda. Ife timaimba ndithu.

Che Amidu: Mumaimba kiyi imodzi chaka chonse. Woyambitsa nyimbo akakweza mawu, inu chala chili pa transpose, batani lija losinthira kiyi. Ndanama?

Tadala (Machinjiri): Apo pokha simunaname kkkk. Koma Aphunzitsi, anaphunzira kuti mayiyu? Nthawi imeneyo mwana wamkazi wakuda ankaloledwa kusukulu ya nyimbo?

Aphunzitsi Mbewe: Sukulu yake inali khutu, Tadala. Dzina lobadwa nalo ndi Mary Elfrieda Scruggs. Banja lawo linasamuka ku Atlanta ali wamng'ono kupita ku Pittsburgh, dera lotchedwa East Liberty. Amayi ake ankaimbako limba panyumba, ndipo mwanayo asanayambe n'komwe sukulu ankangomva nyimbo kamodzi n'kuibwereza. Pofika zaka 6 kapena 7 anali akuitanidwa kale m'makomo mwa anthu kukaimba pa maphwando, tindalama take n'kumathandiza pakhomo poti ana analipo ambiri. Atangopitirira zaka 12 anayamba kuyenda ndi magulu a zisudzo ndi nyimbo. Anakwatiwa akadali mtsikana ndi John Williams, woimba sakisofoni, ndipo dzina la Williams linachokera kumeneko.

Bambo Phiri (Bangwe): Ndiye mukutiuza kuti tiyamikire mwana wamkazi amene anakulira m'malo achisangalalo usiku? Ine monga kholo zimenezo sizikundikomera.

Aphunzitsi Mbewe: Sindikuti ana athu atsate njira imeneyo, a Phiri. Umphawi ndi umene unamutulutsa pakhomo msanga. Ndikungofotokoza mmene zinayendera. Dikirani mumve nkhani yonse, pali gawo lina limene inuyo mulikonde kuposa tonse.

Chisomo wa ku Joni: Ndilowererepo pang'ono achimwene ndi achemwali, poti mayi ameneyu ine ndimamumvera kwambiri. Mbali imene imandikhudza ndi mmene analowera mu bandi ya Andy Kirk, ija ya Twelve Clouds of Joy. Wolembedwa ntchito anali mwamuna wake, iye ankangotsatira ngati mkazi wa woimba. Bandi ili ku Oklahoma, mayiyu anagwirapo ganyu yonyamula mitembo pa galimoto ya kampani yokonza maliro. Tangoganizani, munthu wa luso lotere. Mu 1929 bandi ili ku Kansas City inapeza mwayi wojambula nyimbo ndi kampani ya Brunswick, ndiye woimba piyano wawo sanabwere. Anathamangira kwa Mary. Ataimba, a kampani aja anakakamira kuti pojambula azibwera ndi mtsikana yemweyo. Sipanatenge nthawi mpando unakhala wake, ndipo anakhala mu bandiyo mpaka 1942.

Tadala: Ndiye kuti bambo uja akanabwera tsiku limenelo, bwenzi Mary akungosunga zikwama za oimba?

Chisomo wa ku Joni: Mwina akanatulukirabe kwina, koma khomo linatseguka chonchi.

Tadala: Zimenezitu sizinathe. Kutchalitchi kwathu kiyibodi ndimaigwira pokhapokha mnyamata amene amaimba akachedwa kapena akapita kumudzi. Akangotulukira pakhomo, ngakhale nyimbo ili pakati, wina amandikodola kuti bwerera ku soprano. Palibe anayamba wandiuzapo kuti ndalakwitsa kodi. Amangoti zimaoneka bwino akakhalapo mwamuna.

Mayi Nachisale (Limbe): Pepa mwana wanga. Ine ndakhala m'kwaya zaka zambiri, ndipo zimene ukunenazo ndaziona ndi maso. Atsikana timawaphunzitsa kuimba pakamwa ndi kuvina, zida timasiyira anyamata. Ndiye amati atsikana alibe chidwi. Chidwi chingabwere bwanji chida sunachikhudzepo? Mnyamata amatsala kutchalitchi mpaka mdima akuseweretsa kiyibodi, palibe omufunsa. Mtsikana ikangokwana 5 koloko akufunidwa kunyumba akaphike.

Bambo Phiri: Koma amayi, kuteteza mwana wamkazi si kumuzonda ayi. Mukudziwa nokha zimene zimachitika m'mabandimu.

Mayi Nachisale: Tikudziwa bambo. Mankhwala ake ndi kukhalapo ife akuluakulu pamene akuphunzira, osati kumubisira chida.

Che Amidu: Ndibwerere kwa Mary, chifukwa pali chinthu chimene anthu osaimba mu bandi sachimvetsa. Kuimba piyano ndi ntchito ina, kusanja nyimbo ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiriyi ndiye yolemetsa. Ine ndinali wa lipenga. Bandi ya anthu 12 singangoyamba kuliza aliyense zake. Pamafunika munthu woti akhale pansi alembe kuti malipenga alowa apa, masakisofoni ayankha apa, apa onse akhala chete atsale wa ng'oma ndi besi, apa wina aimba yekha. Munthu ameneyo amayenera kumva zida zonse m'mutu mwake zisanalire. Ayeneranso kudziwa woimba aliyense, kuti uyu mpweya wake ndi waufupi, uyu manoti okwera amamuvuta. Mu bandi ya Kirk ntchito imeneyo kwambiri inali ya Mary. Anthu akuvina, akuombera m'manja mtsogoleri amene waima kutsogolo ndi kandodo, koma kakomedwe konse kachokera pa pepala la mtsikana amene wakhala pakona.

Aphunzitsi Mbewe: Mwalasa Che Amidu. Ndipo poyamba kulemba manoti sankadziwa bwino. Ankaimba pa piyano zimene akufuna, Kirk n'kumalemba, iye akuonerera, mpaka anayamba kulemba yekha. Kansas City ya nthawi imeneyo inamuthandizanso. Dziko lonse la America linali pa mavuto a zachuma kuyambira 1929, mowa unali woletsedwa mpaka 1933, koma mzinda umenewo unali m'manja mwa wandale wina, Tom Pendergast, amene ankalola malo achisangalalo kutsegula usiku wonse. Oimba anakhamukira kumeneko poti ntchito inalipo. Akaweruka ankakumana n'kumapikisana mpaka kucha. Count Basie, Lester Young, Ben Webster, onsewa anadutsa mumzinda umenewo, ndipo Mary ankakhala nawo pa piyano.

Yamikani Keys: Nanga zoti analembera Benny Goodman zija?

Chisomo wa ku Joni: Roll 'Em, 1937. Kamvereni, ndi boogie-woogie yoyikidwa pa bandi yaikulu. Goodman ankafuna kuti Mary azilembera iye yekha, Mary anakana, anasankha kukhala womasuka kulembera aliyense. Kwa Ellington anasanja Trumpet No End, imene anaijambula mu 1946, malipenga akulandizana mpaka kumwamba. Che Amidu imeneyo ikusangalatsani.

Che Amidu: Ndimaidziwa. Milomo imandiwawa pongoimvera.

Yamikani Keys: Ndiye anali ndi dola zake mayiyu eti?

Chisomo wa ku Joni: Ayi ndithu aise. Wosanja nyimbo ankalipidwa kamodzi, kandalama kochepa, basi zathera pomwepo. Chimbale chigulidwe chotani, phindu linkapita kwa kampani ndi mwini bandi. Mary moyo wake wonse ndalama zinkamuvuta. N'chifukwa chake pambuyo pake anatsegula kampani yake yosunga umwini wa nyimbo zake, Cecilia Music, komanso yotulutsa zimbale, Mary Records. Mkazi wakuda kuchita zimenezi nthawi imeneyo sizinali zamasewera.

Yamikani Keys: Apa ndiye mwandikhudza. Ine mu studio munthu amabwera ndi mawu okha, nyimbo ilibe mutu ilibe mchira. Ndimupezere kiyi, ndiike makodi, ndipange intro, ndimuuze poyambira kolasi. Akandipatsa ya transport basi. Nyimbo ikamveka pa wailesi, dzina langa palibe paliponse.

Aphunzitsi Mbewe: Uzilemba pa pepala musanayambe ntchito, Yamikani, kuti wapeka ndani, wasanja ndani, mugawana bwanji. Ndipo ukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Bungwe limene lija silingakupatse gawo pa nyimbo imene dzina lako silinalembedwepo.

Yamikani Keys: Mukangotulutsa pepala kasitomala amathawira kwa wina madala.

Che Amidu: Athawe. Amene amathawa pepala ndi yemwe amafuna kukudyera.

Admin Gift: Nkhani ya malipiro a mu studio tiitsegulire tsiku lake chonde, imeneyo ikayamba sitigona. Aphunzitsi pitirizani.

Aphunzitsi Mbewe: Zikomo a Gift. Tsono chimene ine ndimamulemekezera koposa ndi ichi. Oimba ambiri amakhala ndi nyengo yawo, ikadutsa amangobwereza zakale mpaka imfa. Mary sanatero. Atachoka kwa Kirk mu 1942, banja lake ndi John litatha, anakwatiwa ndi woimba lipenga Harold Baker, banja silinakhalitse, ndipo anakhazikika ku New York akuimba pa malo otchedwa Café Society. Nthawi imeneyo achinyamata anali akuyambitsa kaimbidwe katsopano kotchedwa bebop, kothamanga, ka makodi ovuta, kosavinika bwino. Akuluakulu ambiri a msinkhu wake ankakanyoza kuti ndi phokoso. Iye anatsegula chitseko cha nyumba yake ku Harlem. Thelonious Monk, Bud Powell, Tadd Dameron, Dizzy Gillespie, ankabwera kumeneko akaweruka usiku, kuimba, kusonyezana nyimbo zatsopano, kudya, ena kugona pomwepo. Iye ankawawongolera, makamaka kagwiridwe ka piyano kuti izilira bwino, koma nayenso ankatola kwa iwo. Mukamvera zimene anajambula cha m'ma 1945 n'kuyerekeza ndi za 1930, mungakane kuti ndi munthu mmodzi. Mukafikanso pa chimbale cha Zoning cha 1974, ali ndi zaka 64, mupeza wasinthanso. Ine pa oimba a m'badwo wake sindiona wina amene anayenda ulendo wautali chonchi.

Che Amidu: Apo ndiye pamatipweteka ife madala. Mwana akabwera ndi zachilendo timafulumira kunena kuti waononga nyimbo.

Yamikani Keys: Screenshot ndatenga kale Che Amidu kkkkk.

Che Amidu: Tenga, koma za transpose zija sindinabweze.

Chisomo wa ku Joni: Musaiwale Zodiac Suite ya 1945. Nyimbo 12, iliyonse ya chizindikiro chimodzi cha nyenyezi, ndipo ankaganizira anzake obadwa pa nyengo imeneyo. Kumapeto kwa chaka chomwecho inaimbidwa ku Town Hall ndi gulu la zida zambiri, ndipo mu 1946 zigawo zitatu zinaimbidwa ku Carnegie Hall ndi okestra yaikulu. Analinso ndi pulogalamu yake pa wailesi ya WNEW, ndipo zina mwa nyimbozi anayamba kuziimba kumeneko.

Bambo Phiri: Mwaonatu. Kuchoka ku mabala tafika ku zokhulupirira nyenyezi. Gawo langa lija lili kuti Aphunzitsi?

Mayi Nachisale: Limenelo ndilongosole ndine, Aphunzitsi mundilole, poti likukhudza mpingo wathu. Mu 1952 Mary anapita ku England, kenako ku Paris, anakhala ku Ulaya zaka ziwiri. Mu 1954 ali ku Paris anangodzuka pa piyano n'kusiya kuimba. Anali atatopa, ndalama palibe, mtima wosweka poona anzake akuonongeka ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Atabwerera ku New York anakhala pafupifupi zaka zitatu osaimba pagulu. Ankakhalira kupemphera, maola ambiri m'tchalitchi. Charlie Parker, mmodzi wa anyamata a bebop aja, anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34 zokha. Mu 1957 Mary anabatizidwa mu mpingo wa Katolika limodzi ndi mnzake Lorraine, mkazi wa Dizzy Gillespie.

Koma chimene chimandigwira mtima si ubatizowo. Ndi zimene anachita pambuyo pake. Anayamba kutola oimba odwala ndi ogwidwa ndi mankhwala, kuwasunga m'nyumba mwake, kuwaphikira, kuwachapira. Anakhazikitsa bungwe la Bel Canto Foundation kuti liziwathandiza, ndipo pofuna kupeza ndalama anatsegula sitolo ya kaunjika ku Harlem. Mayi amene analembera Ellington, ataima m'sitolo kugulitsa zovala zakale kuti woimba mnzake adye.

Bambo Phiri: Apo ndiye ndagwirizana nazo. Anazindikira kuti kumene anali kunali kumdima, n'kutuluka. Ndi zimene ndimanena ine.

Mayi Nachisale: Musafulumire bambo, nkhani sinathere pomwepo. Iye poyamba ankaganizadi ngati inuyo, kuti jazi aisiyiretu. Amene anamubweza ndi ansembe. Mmodzi wa iwo, bambo Anthony Woods a chipani cha Ajezuiti, ankamulimbikitsa kuti luso limene Mulungu anamupatsa ndi piyano, ndiye atumikire nalo. Dizzy Gillespie naye anamukoka, ndipo mu 1957 momwemo anakaimba ndi bandi yake pa chikondwerero cha Newport. Sanasinthe kaimbidwe kuti kamveke ka tchalitchi. Anatenga jazi yomweyo n'kulowa nayo m'tchalitchi.

Bambo Phiri: Pamenepo ndiye pomwe ndikukana. Nyimbo ya ku bala ndi ya ku bala. Mungaisinthe mawu, koma thupi limakumbuka kumene linaivinira.

Aphunzitsi Mbewe: A Phiri, Mary akanakuyankhani ndi mbiri. Ankagawira anthu chithunzi cha mtengo chimene anamujambulira David Stone Martin. Mizu yake inali masautso a akapolo, pamwamba pake nyimbo zauzimu zimene akapolowo ankaimba, kenako ragtime, kenako swing ya ku Kansas City, kenako bebop, ndipo blues ikuyenda m'thunthu monse. Mfundo yake inali yoti jazi inabadwira m'kulira ndi m'pemphero la anthu akuda, ku bala inangopitako kukafuna ntchito poti malo ena anali otseka kwa iwo. Mungatsutse, koma mfundoyo si yopepuka.

Bambo Phiri: Kubadwira m'pemphero sikutanthauza kuti sinasochere.

Mayi Nachisale: Nanga ng'oma bambo? Makolo athu anauzidwa kuti ng'oma ndi yachikunja, isayandikire guwa. Misa inali m'Chilatini. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, ndi umene unatsegula njira yoti tizipemphera m'zilankhulo zathu ndi maimbidwe athu. Lero pa Misa ku Limbe kuno ng'oma ikulira, visekese, nthungululu, ana akuvina kutsogolo, ndani akudabwa? Alleluya Band inabadwira pa parishi ku Balaka, ndipo yaimba m'maholo dziko lonse lino. Mary ankalemba Misa zake nthawi yomwe zitsekozi zinkatseguka.

Bambo Phiri: Inu Akatolika muli ndi njira zanu amayi. Kwathu tinakaika malire.

Yamikani Keys: Koma abambo, kiyibodi imene ndimaimba Lamlungu kutchalitchi ndi yomwe ija ndimaimba Loweruka pa ukwati, ndipo makodi ake ndi omwewo. Anthu ake ovinanso ndi omwewo kkkk.

Bambo Phiri: Iwe ndiye usandiyambe. N'chifukwa chake mapemphero ena masiku ano sukusiyanitsa ndi phwando.

Admin Gift: Tiyeni tilemekezane, za mipingo zisatigawe. Mayi Nachisale, Misa zimenezi zinali zotani?

Mayi Nachisale: Anayamba ndi nyimbo yolemekeza Martin de Porres Woyera, uja wa ku Lima ku Peru, mwana wa bambo wa ku Spain ndi mayi wakuda amene anali kapolo n'kumasulidwa. Papa John XXIII anamulengeza kukhala woyera mu 1962, ndipo kwa Mary chinali chinthu chachikulu kuona munthu wa khungu lake akukwezedwa chonchi. Nyimboyo ili pa chimbale cha Black Christ of the Andes cha 1964. A kwaya kamvereni, koma ndikuchenjezeni, mawu ake ndi opanikizana kwambiri. Alto ndi tenor amayandikana mpaka umaona ngati wina walakwitsa, chonsecho ndi mmene analembera. Kenako analemba Misa zitatu. Yachitatu ndi imene imadziwika kuti Mary Lou's Mass. Alvin Ailey anaipangira magule mu 1971, ndipo mu 1975 inaimbidwa mu tchalitchi chachikulu cha St Patrick ku New York, anthu atadzaza. Ankalakalaka kuti iimbidwe ku Vatican pamaso pa Papa Paul VI, koma zimenezo sizinatheke.

Chisomo wa ku Joni: Ndiwonjezere kamodzi kokhudza kuno kwathu ku Africa. Misa yachitatuyo poyamba inkatchedwa ya mtendere, ndipo inaimbidwa ku New York mu 1969 pa mwambo wokumbukira Tom Mboya, nduna ya ku Kenya imene inaomberedwa ku Nairobi mu Julaye chaka chomwecho.

Bambo Phiri: Kusamalira odwala kuja ndakuvomera ndi mtima wonse. Za jazi pa guwa ndikhalabe pomwe ndaima.

Aphunzitsi Mbewe: Palibe chovuta a Phiri, ngakhale ku New York komweko analipo ansembe amene anaima pomwe mwaima inupo.

Tadala: Ine funso langa ndi lina. Anali ndi akazi anzake oimba zida, kapena anali yekha pakati pa amuna?

Chisomo wa ku Joni: Analipo achemwali. Lil Hardin ankaimba piyano mu Hot Five ya Louis Armstrong m'ma 1920, ndipo anali mkazi wake. Hazel Scott anali mnzake wa Mary, nayenso wa piyano ku Café Society. Melba Liston ankaimba trombone komanso kusanja nyimbo, anagwirapo ntchito ndi Mary. Cha m'ma 1945 ndi 1946 Mary anajambulapo nyimbo ndi gulu la akazi okhaokha, muli Mary Osborne pa gitala. Koma iye sankakonda kuti azimuyamikira ngati mkazi woimba bwino. Ankafuna aziyesedwa pa muyeso umodzi ndi wina aliyense.

Tadala: Izi ndiye ndikuzimva. Munthu akati "umaimba bwino ngati mwamuna" amaona ngati wakuyamikira.

Che Amidu: Ifenso tinkanena choncho kale, osadziwa kuti tikutukwana.

Yamikani Keys: Guys ndagwera pa china chake apa. Mary Lou Williams ndi Cecil Taylor, chimbale cha Embraced. Ichi n'chiyani? Foni yanga yafa kapena ndi mmene zilili?

Chisomo wa ku Joni: Kkkkkk foni ili bwino aise. Ndi konsati ya ku Carnegie Hall mu 1977, mapiyano awiri. Taylor anali wa kaimbidwe komasuka kotheratu, kopanda makodi oikika kapena biti yokhazikika. Mary ndi amene anakonza zoti aimbe limodzi, pofuna kudutsa naye m'mbiri yonse ya jazi kuyambira ku nyimbo zauzimu. Anabweretsa wa besi ndi wa ng'oma ake, zimene Taylor sanakondwere nazo. Pa siteji aliyense anangoyenda njira yake.

Che Amidu: Ine chimbale chimenecho ndimachimva ngati ma minibasi awiri akulimbirana pasenjala pa Ginnery Corner, aliyense hutala ili pansi. Sichinayende, tisanamizane poti tikumukonda mayiyu.

Chisomo wa ku Joni: Kusayenda ndikuvomera, koma ine ndimachimverabe. Mvetserani mmene Mary akukanira kusiya blues yake ngakhale mnzakeyo akugwetsa denga. Ndipo anali ndi zaka pafupifupi 67. Ndi angati pa msinkhu umenewo angaitane munthu wovuta ngati Taylor, pa siteji yaikulu chonchija, akudziwa kuti akhoza kuchita manyazi?

Che Amidu: Kulimba mtima ndi kwina, nyimbo yokoma ndi ina. Ine ndimagula nyimbo.

Aphunzitsi Mbewe: Nonse muli ndi mbali. Chaka chomwecho cha 1977 yunivesite ya Duke ku North Carolina inamutenga kuti aziphunzitsa mbiri ya jazi, ndipo kwa nthawi yoyamba anakhala ndi malipiro okhazikika ndi nyumba yakeyake. Munthu amene sanapite patali ndi sukulu, akuphunzitsa pa yunivesite, ophunzira akulimbirana malo m'kalasi mwake. Ankaphunzitsa atakhala pa piyano, kuimba kaye kenako kufotokoza. Amene ankayendetsa ntchito zake zaka zomalizazi anali wansembe, bambo Peter O'Brien. Mu 1978 anakaimba ku White House nthawi ya Jimmy Carter. Khansa ya m'chikhodzodzo ndi imene inamutenga mu 1981, ndipo anaikidwa ku Pittsburgh kumene anakulira. Ku Duke kuli malo a chikhalidwe cha anthu akuda otchedwa dzina lake kuyambira 1983, ndipo Kennedy Center ku Washington inayambitsa chikondwerero cha jazi cha dzina lake mu 1996.

Tadala: Aphunzitsi, ine amene ndimangodziwa makodi a nyimbo za kwaya, ndingayambire pati kuti ndifikeko ngakhale pang'ono? Aphunzitsi a jazi mu Blantyre muno ndi osowa, ndipo piyano yeniyeni ndimangoionera patali.

Che Amidu: Yamba ndi blues ya mabala 12, kutanthauza tizigawo 12 ta biti timene timabwerezedwa, makodi atatu okha, ndipo atatuwo ukuwadziwa kale kuchokera kukwaya. Uiimbe mu C mpaka dzanja lamanzere liziyenda lokha iwe ukucheza ndi munthu. Ukatero upite mu F, kenako B flat, poti oimba malipenga ndi masakisofoni amakonda kumeneko. Zimitsa ng'oma za m'makina, phazi lako likhale ng'oma. Ndipo sankha nyimbo imodzi ya Mary yoyenda pang'onopang'ono, uzimvera kachigawo kakang'ono n'kukafunafuna pa kiyibodi mpaka ukapeze. Usathamangire mavidiyo okuonetsa pogwira, amakupatsa zala koma khutu limatsala.

Yamikani Keys: Kiyibodi ya makiyi 61 ikwana? Dzanja lamanzere lija limafuna malo.

Che Amidu: Poyambira ikwana. Vuto ndi kupepuka kwa makiyi, zala sizilimba. Akapeza mpata wokhudza piyano yeniyeni, ngakhale kamodzi pa mwezi, asaulole kudutsa.

Mayi Nachisale: Tadala, undilembere ku inbox. Kiyibodi ya kwaya yathu ndi ya makiyi olemera, ndipo Loweruka kuyambira 2 koloko mpaka 4 imangokhala. Ndikapempha kwa a komiti, ndipo ndizikhalapo ndekha kuti makolo ako asade nkhawa. Ukhoza kubwera ndi mnzako mmodzi, koma akhale mtsikana.

Yamikani Keys: Nanga ife amayi?

Mayi Nachisale: Inu muli nazo kale zanu. Koma ngati ukufuna kuthandiza, ubwere udzamuonetse B flat, ngati ukuidziwa.

Yamikani Keys: Eeh amayi, pagulu chonchi? Che Amidu, nanunso mubwere ndi lipenga lija tidzaone ngati mpweya ulipobe.

Che Amidu: Lipenga lilipo, mavavu ake ndi amene anauma. Amene akudziwa kogula mafuta ake mu Limbe andiuze.